Mmene tinaweruzira mpikisano wa mapulani a loji yakunyanja ku Mangochi

Anzanga ambiri a ntchito yathuyi akhala akundifunsa pa WhatsApp kuti zinatheka bwanji kuti pulani ija ya ma chalet, tinyumba togonamo alendo, okhala pamwamba pa madzi iluze mpikisano pomwe aliyense amene anaona zithunzi zake ankati palibenso ina yoposa pamenepo, nde ndaona kuti bola ndilembe kamodzi zonse mmene zinayendera aliyense adziwerengere yekha. Ine ndine architect, wojambula mapulani a nyumba, ndipo ndinali mmodzi mwa oweruza. Sinditchula eni malo kapena makampani amene analowa nawo, tinagwirizana choncho kuyambira pachiyambi, ndipotu mapulaniwo ankabwera ndi nambala basi opanda dzina, eni ake tinawadziwa titamaliza kale kupereka mamalikisi, nde inenso ndiziwatchula ndi manambala omwewo.

Malowo ali m'boma la Mangochi, kunja kwa malire a Lake Malawi National Park koma osati kutali kwenikweni. Pali gombe la mchenga labwino ndithu, mbali imodzi kuli miyala ikuluikulu yolowa m'madzi momwe mumakhala nsomba za mbuna, pakati pali milambe iwiri yakalekale, kenako malo amakwera pang'onopang'ono mpaka pa chitunda kumbuyo. Kumapeto kwa gombe lomwelo ndi kumene kuli doko la mudzi, mabwato, mathandala oyanikapo usipa, komanso pamene amayi amachapira ndi kutsuka mbale. Eni malo ankafuna ma chalet 20, malo odyera, bala, khitchini, nyumba za ogwira ntchito ndi holo ya misonkhano, poti tonse tikudziwa kuti maloji ambiri ku Mangochi ndi ku Salima amapulumukira ma workshop, azungu obwera kudzasambira sabwera chaka chonse. Chikalata cha mpikisano chinati lojiyo isawononge chilengedwe, izitha kuyenda ngakhale magetsi atazima, anthu a m'mudzi apindulepo, ndipo mtengo wake usapitirire ndalama zomwe eni ake anatchula.

Pa gulu la oweruza tinalipo ma architect atatu, injiniya wa zomangamanga, QS amene amawerengetsa mtengo wa zomanga, mayi wina amene ntchito yake ndi kulemba malipoti a ESIA ounika mmene ntchito ingakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndi bambo woimira eni malo. Chinthu chimodzi chimene tinaumirira ndi choti tikaone malo tisanatsegule envelopu iliyonse. Zithunzi za pakompyuta masiku ano zimakopa kwambiri, dzuwa likulowa, madzi ali phee, munthu wakhala pakhonde ndi tambula m'manja, ukaziona kaye zimenezo kenako nkupita pamalo maso ako amangofunafuna chithunzi chija. Tinapempha kuti patsikulo pakhale a mfumu kapena owaimira, komanso wapampando wa Beach Village Committee (BVC), komiti ya m'mudzi yoyang'anira za usodzi padoko.

Mzere wa madzi

Tinapita chakumapeto kwa 2024 nyengo yotentha ija, nthawi imene nyanja imakhala yatsika. Wapampando wa BVC, bambo wachikulire amene wakhala akuwedza pamenepo moyo wake wonse, sanalankhule zambiri, anangotitengera pa mlambe wa kumunsi nkutionetsa pamene madzi anafika m'mwezi wa April chaka chomwecho, chizindikiro chinali chikuonekabe pa khungwa ndipo zinyalala za bango zinali zitatsakamira m'tchire kumtunda kwake. Kenako anayenda kukwera masitepe angapo nkuima pena nkuti, "Apa ndi pamene anafika ndili mnyamata, bambo anga ankamangirira bwato pa mtengo uwo. Madzi saiwala khwawa, achimwene." A injiniya anaitana saveya kuti ayeze malo awiri onsewo ndi makina, ndipo zimene bamboyo anationetsa zinagwirizana ndi zimene zili m'marekodi.

Kwa amene simutsata za nyanjayi, imakwera ndi kutsika pafupifupi mita imodzi chaka chilichonse, imafika pamwamba cha mu April kapena May mvula ikatha, nkutsika mpaka November kapena December. Koma palinso kukwera kwina kwa zaka zambirimbiri kumene anthu timaiwala. Cha m'ma 1915 inatsika mpaka Shire anasiya kutuluka m'nyanja kwa zaka pafupifupi 20. Mu 1980 inakwera kufika cha pa mamita 477 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Kenako inakhala yotsika zaka zambiri, anthu anazolowera, maloji ndi ma cottage anamangidwa pamchenga penipeni, nde itayambanso kukwera pambuyo pa mvula yambiri ya zaka zapitazi kuphatikizapo ya namondwe Freddy mu March 2023, mu 2024 inadutsa mamita 476 ndipo tonse tinaona zithunzi za ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, ma bala ali m'madzi, mipanda itagwa, alendo akuyenda pa matumba a mchenga. Ambiri ankati bwanji osangotsegula Kamuzu Barrage ku Liwonde madzi apite, koma madzi ambiri a nyanjayi amachoka ndi dzuwa, odutsa mu Shire ndi ochepa, komanso ukatsegula mopitirira ndekuti wawatumiza kwa anthu a kumunsi ndi ku malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. A National Water Resources Authority, bungwe la boma loyang'anira za madzi, akhala akukumbutsa za mzere wa mamita 477 kuti kumunsi kwake sikoyenera kumangako.

Nde tisanabwerere tinagwirizana kuti saveya ajambule mzere umenewu pa mapu a malowo ndipo pulani iliyonse tiziisanjika pa mapu amenewo. Mzerewu unalipo kale mu zikalata zimene opikisana anapatsidwa, palibe amene anabisiridwa, kungoti ena anauwerenga ena ayi.

Pulani nambala 7

Iyi ndiyo imene anthu akundifunsa. Ndinene mosabisa, inali yokongola, amene anaijambula ndi waluso ndipo ndimamulemekeza. Ma chalet 12 anawaika pa nsanamira m'madzi momwe, olumikizidwa ndi mlatho wamatabwa wokhotakhota, pansi pa chipinda chilichonse galasi loti uziona nsomba uli pabedi, mofanana ndi zija za ku Maldives. Bambo woimira eni malo atangoiona anati basi tamaliza.

Amene anayamba kufunsa ndi a injiniya. Ku Maldives ma chalet otere amakhala m'madzi otetezedwa ndi matanthwe a korali, mafunde akulu amasweka asanafike. Pathu pano mwera ukayamba mu May mpaka cha mu September, kapena mpoto nthawi ya mvula, palibe chotchinga, mafunde amabwera ndi mphamvu zake zonse, asodzi amene amaidziwa nyanja amakoka mabwato nkukhala kumtunda. Pulaniyi inaika pansi pa zipinda mamita awiri okha pamwamba pa madzi a tsiku limene anayeza, ndekuti ukaphatikiza kukwera kwa nyanja ndi mafunde a mwera galasi lija lizimenyedwa kuchokera pansi. Kuti uzikweze bwino nsanamira zimatalika, ndipo nsanamira zazitali zonyamula katundu pamwamba m'dera la zivomerezi ndi nkhani ina, tili mu Rift Valley, Salima inagwedezeka mu March 1989, Karonga mu December 2009. Zitha kumangidwa inde, koma ndi zitsulo zokhomera pansi pa nyanja ndi makina amene QS anati kungowabweretsa pamalopo kudya gawo lalikulu la bajeti.

Mayi wa ESIA anafunsa funso lake lomwe amafunsa paliponse, zimbudzi zikupita kuti. Pa pulani panali paipi yoyenda pansi pa mlatho ndi mapampu okankha zoipa kupita kumtunda. Pampu ikafa usiku, kapena paipi ikathyoka ndi mafunde, zonse zikuthera m'madzi momwe amayi akutsukira mbale mamita ochepa kuchokera pamenepo. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anavutika kwambiri, iyi si nkhani yoti tingaichepse. Chinanso mlathowo unkadutsa pamwamba pa miyala ya mbuna. Nsomba zimenezi zimadya ndere zomera pamiyala, nderezo zimafuna kuwala, ndipo mbuna zambiri siziyenda kutali, mtundu wina umangopezeka pa miyala ya malo amodzi basi, ndichifukwa chake paki ija inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inailemba pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Kukhoma zitsulo pamenepo, matope ovunduka nthawi yomanga, mthunzi wa mlatho, ndekuti ukuwononga chinthu chomwecho chimene galasi lapansi lija likufuna kuonetsa alendo.

Koma chimene chinandikhudza ine kwambiri ndi doko. Pa zithunzi zonse za nambala 7 panalibe bwato la m'mudzi ngakhale limodzi, panalibe thandala, gombe lonse linali loyera mpaka kumapeto. Titasanjika pa mapu tinapeza kuti mpanda wake ukudula njira imene amayi amatsikira kunyanja ndipo mlatho ukutseka pamene mabwato a chilimira amatulukira madzulo. Mu lipoti lawo analemba kuti anthu a m'mudzi adzapindula ndi ntchito komanso kugulitsa ziboliboli kwa alendo. Munthu amene amadyetsa banja ndi usipa sungamuchotse padoko nkumuuza kuti azisema ziboliboli.

Pulani nambala 3 ndi zina

Nambala 3 inalemekeza mzere wa madzi, apo inakhoza. Inali nyumba imodzi yaitali ya konkire, yosanja, zipinda pansi ndi pamwamba, kutsogolo magalasi okhaokha, padenga atadzalapo udzu ndi maluwa, sola yochuluka zedi, ndipo lipoti lake linali lodzaza ndi ma graph. Vuto linali loti magalasi oyang'ana dzuwa lam'mawa ku Mangochi mu October amasandutsa chipinda uvuni, nde chipinda chilichonse chinafunika air con, ndipo kuti ma air con 20 aziyenda usiku wonse pa sola pamafunika mabatire a lithium ambirimbiri. QS atawerengetsa anapeza kuti zinthu zambiri zodula pa pulaniyi, magalasi apadera, mabatire, ma inverter, pulasitiki yotchinga madzi padenga, zonse nzoitanitsa kunja. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo forex aliyense akudziwa mmene ikuvutira. Kumanga utha kumanga, koma patapita zaka mabatire akatha mphamvu kapena inverter ikapsa ndi mphenzi udikira miyezi, nde chimachitika nchiyani, amagula jenereta ya dizilo nkuiika kuseri kwa khitchini, loji ija ya chilengedwe nkumalira jenereta usiku wonse. Zili ngati kugula galimoto imene masipeya ake sapezeka m'dziko muno. Denga la udzu wodzala lija nalonso limafuna kuthiriridwa kuyambira May mpaka November, madzi ake opopa ndi magetsi omwewo.

Zina ndingodutsamo. Ziwiri zinalemba njerwa zootcha, zimenezo tinazichotsa msanga chifukwa malamulo a 2018 a NCIC, bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga, analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za bizinesi, ndipo architect aliyense akuyenera kudziwa zimenezi. Ina inaika dziwe losambira lalikulu pakati pa milambe iwiri ija, kukumba pamenepo ndekuti wadula mizu. Ina inalemba matabwa a mbawa ndi mlombwa paliponse osanena kuti achokera kuti. Panali ina ya nsungwi yokhayokha, nambala 9, ikuoneka kuti inali ya achinyamata, maganizo ake abwino kwambiri ndipo ndinaikonda, koma sanaonetse mmene adzatetezere nsungwizo ku chiswe ndi afumbwe komanso mmene mfundo zake zidzagwirire mphepo. Tinaipatsa ulemu wapadera ndipo ndikukhulupirira kuti tidzawamvanso anyamata ndi atsikana amenewa.

Pulani nambala 11

Zithunzi zake sizinali zokopa, zina zinali zojambula pamanja. Koma tsamba loyamba linali mapu a malowo okhala ndi mizere itatu, pamene madzi ali lero, pamene anafika mu 2024, ndi mzere wa 477, ndipo chomanga chilichonse chokhala ndi maziko anachiika kumtunda kwa mzere wachitatuwo ndi mpata wina pamwamba. Kumunsi pamchenga anangoikako zinthu zoti anthu anayi atha kunyamula, timisasa taudzu, mipando, kabala kakang'ono kamatabwa komangidwa ndi mabawuti koti madzi akamabwera umamasula nkukweza kumtunda. Pa tsamba lomwelo anajambulanso njira ya amayi, doko, mathandala, ndi mivi yoonetsa kumene mwera ndi mpoto zimachokera. Zinkaonekeratu kuti munthuyu anakhalapo pamalopo nkucheza ndi anthu.

Makoma anasankha ma SSB, zidina zija za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono zopanikiza pa makina amanja, osaotcha. Ndipo anadziwa kuti mchenga wapagombe sungagwire, nde analemba kuti dothi lichokere kuchitunda pamene adzakumbe mathanki ndi maziko, liyezedwe kaye, dzenje lotsala likhale losungira madzi a mvula. Maziko a miyala okwera kufika m'mawondo kuti chinyontho ndi chiswe zisafike pa khoma, ring beam, lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa khoma, chifukwa cha zivomerezi zija, makona olimbitsidwa ndi zitsulo. Denga laudzu lotsetsereka madigiri 45 kuti madzi asakhazikike, mapolo a bulugamu otiritidwa, khonde lalikulu kuzungulira kuti dzuwa ndi mvula zisamenye khoma. Khitchini yokha ndi stoo ya mabatire anaziika malata ndipo anazitalikitsa ndi nyumba zaudzu chifukwa cha moto.

Chimene ma architect tonse atatu tinachiyamikira ndi mmene anaganizira za kutentha. Chalet iliyonse ndi yopyapyala, chipinda chimodzi m'lifupi, mawindo mbali zonse ziwiri okhala ndi gozi wa udzudzu ndi zotsekera zamatabwa, pamwamba pa denga kampata kotulutsira mpweya wotentha. Masana kamphepo kamachokera kunyanja, usiku kamatsika kuchokera kumtunda, nde nyumba ikakhala yotseguka mbali ziwirizo mpweya umadutsa wokha, fani yapadenga nkungothandizira. Air con anaika mu holo ya misonkhano mokha, imene imagwira ntchito masana dzuwa lili pa ma panel, ndekuti mabatire ofunika usiku ndi ochepa, a magetsi owunikira, mafani ndi mafiriji. Madzi otentha ndi a giza ya sola, osati ma donkey boiler aja amene amamaliza nkhuni m'maloji ambiri, kuphika ndi gasi. Analumikizabe ku ESCOM ngati chothandizira, koma anaonetsa kuti lojiyo itha kuyenda payokha, ndipo amene anakhala mumdima namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022, mamegawati pafupifupi 130 kuchoka pa gridi kwa nthawi yopitirira chaka, akudziwa chifukwa chake zimenezi nzofunika. Anaganiziranso za nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'nyanja ngati utsi, magetsi akunja anawaika ofiirira, apansipansi, oyang'ana kumtunda.

Za zimbudzi ndi pamene mayi wa ESIA anakhalitsa. Mchenga wa m'mbali mwa nyanja madzi apansi ali pafupi, septic tank ndi soak pit wamba zimangotumiza zoipa m'nyanja mosaoneka, ndipo nyanja ikakwera zimasefukira. Nambala 11 inaika zonse kuseri kwa chitunda, madzi oipa akupita ku thanki yamagawo angapo, kuchoka apo nkulowa m'bedi la miyala ing'onoing'ono lodzalidwa bango, madzi akuyenda pansi pa miyalayo osaonekera pamwamba, zimenezi nzofunika chifukwa madzi oima poyera amaswetsa udzudzu komanso nkhono za likodzo, ndipo likodzo kumwera kwa nyanjayi ndi vuto lodziwika. Otuluka kumapeto akuthirira nthochi ndi mitengo, osati ndiwo zamasamba. Ma chalet anayi a kumiyala, kumene kukumba ngalande kukanafuna kuswa matanthwe, anawaika zimbudzi zouma zosagwiritsa madzi. Bambo woimira eni malo anakwinya nkhope pamenepa, koma amene anafikako ku Mumbo Island akudziwa kuti alendo olipira ndalama zambiri amagwiritsa zimbudzi zotere osadandaula bola zisamalidwe.

Nde doko analisiya mmene lilili. Mpanda anaubweza mkati, njira ya amayi anaisiya yotakata mpaka kumadzi, anaonjezapo mpope wa madzi abwino kunja kwa mpanda kuchokera pa thanki ya loji. Ndipo mu lipoti anawerengetsa zinthu zimene zizigulidwa m'mudzi chaka ndi chaka osati nthawi yomanga yokha, udzu wofolera umene amayi amamweta mu June ndi July, mphasa ndi bango za siling'i, ntchito yokonza denga, nsomba za kukhitchini.

Inali ndi zofooka zake. Nyumba za ogwira ntchito anazipanikiza pakona, tizipinda ting'onoting'ono toyang'ana dzuwa lamadzulo opanda khonde, zimene zinandikhumudwitsa chifukwa nzeru zonse za mphepo zija anazithera pa alendo. Njira zokwera kuchitunda zinali za masitepe okhaokha, munthu wa pa wheelchair kapena agogo sakanafika kumalo odyera. Ndipo polandirira alendo panali posasangalatsa, ukafika sukanadziwa kuti wafika kunyanja.

Mkangano wa m'chipinda

Titaphatikiza mamalikisi koyamba nambala 11 inali patsogolo pang'ono, 7 pambuyo pake, 3 yachitatu. Bambo woimira eni malo sanakhutire ndipo mfundo yake inali yomveka, sindikufuna kuti aoneke ngati munthu wosamva. Anati, "Mabwana, ine ndikagulitsa chiyani? Munthu ali ku London kapena ku Johannesburg akusankha pa foni, amaona chithunzi chimodzi basi. Nyumba yaudzu ili paliponse, koma chipinda cha pamadzi ku Malawi kuno ndi ife tokha." Mmodzi mwa ma architect anzanga anagwirizana nawo, anati ntchito ya mpikisano ndi kupeza ganizo lolimba mtima, mavuto a injiniya amakonzedwa pambuyo, tikamangosankha zosaopsa sitidzapita patsogolo.

Ine maganizo anga anali oti pali mavuto amene amakonzedwa pambuyo ndi ena amene ali mu ganizo lenilenilo. Nyumba za ogwira ntchito za nambala 11 utha kuzijambulanso mawa pulani nkukhalabe yomweyo. Koma nambala 7 ukaichotsa pamadzi, ukaichotsa pa miyala ya mbuna, ukatsegula doko, palibe chotsala, yasanduka pulani ina. A injiniya anaonjeza kuti iwo sangasaine chinthu chimene akudziwa kuti chili kumunsi kwa mzere wa madzi. Mayi wa ESIA anakumbutsa kuti pansi pa lamulo la Environment Management Act la 2017 ntchito ngati iyi siyamba popanda chilolezo cha MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, ndipo pomanga m'madzi pafupi ndi paki komanso potseka doko la mudzi eni malo akanatha nthawi yaitali ndi ndalama zambiri asanaike ngakhale mwala umodzi, mwinanso osaloledwa nkomwe.

Chimene chinatembenuza bamboyo ndi QS. Tinamupempha kuti asawerengetse mtengo womangira wokha koma aonjeze wosamalira kwa zaka 15, nkusiyanitsa zogula ndi kwacha ndi zofuna madola. Pa nambala 7 ndi 3 mbali ya madola inali yaitali kwambiri, pa 11 zambiri zinali udzu, laimu, matabwa ndi malipiro a amisiri. Denga laudzu limafuna kukonzedwa pafupipafupi, inshuwalansi yake ya moto ndi yokwera, QS sanabise zimenezo, koma wokonza ali m'mudzi momwemo ndipo amalandira makwacha. Bamboyo anayang'ana pepalalo nthawi yaitali kenako anafunsa kuti nanga chithunzi chija chokopa anthu tichipeza kuti. Apa mnzanga amene ankaikira kumbuyo nambala 7 ndi amene anabweretsa yankho, anati pakati pa milambe iwiri ija pakhale thandala lamatabwa lokwera, lokhala pa miyala yongosanja osakumba, loti munthu akangofika aziona nyanja yonse kudzera pakati pa mitengoyo, ndipo polandirira alendo pasunthidwe kuti pakhale pamenepo. Tinavotanso, 11 inapambana, mnzanga uja anavoterabe 7 ndipo tinalemba choncho mu lipoti.

Zimene tinalamula kuti zikonzedwe

Mphoto tinapereka ndi mfundo zoti zitsatidwe asanasaine kontrakiti. Nyumba za ogwira ntchito zijambulidwenso ndi khonde, mawindo mbali ziwiri ndi malo ophikira, mulingo womwewo wa mpweya umene alendo akupatsidwa. Pakhale njira yopanda masitepe yofika kumalo odyera, ku holo ndi ku ma chalet osachepera awiri. Dothi liyezedwe ku labu ndipo amange kaye khoma loyesera lidutse dzinja limodzi tisanavomereze kuchuluka kwa simenti. Pakhale mathanki a madzi ozimitsira moto ndi zoteteza mphenzi pa nyumba zaudzu. Ndipo nkhani ya doko ndi njira isathere pa pulani, ilembedwe ngati mgwirizano pakati pa eni malo, a mfumu ndi BVC, malire ake aikidwe ma beacon, chifukwa taona malo ambiri kunyanja kuno kumene pulani inasiya njira koma patapita zaka bwana watsopano nkuika geti ndi mlonda.

Pamene ndikulemba pano saveya anakhoma kale zikhomo pa mzere wa 477 ndipo makina a SSB ali pamalo, anyamata a m'mudzi akuphunzira kuumba zidina za khoma loyesera. Lipoti la ESIA likulembedwa, misonkhano ndi anthu a m'mudzi inayamba. Pa msonkhano woyamba amayi anabweretsa nkhani imene ife tonse oweruza komanso wojambula sitinaione, mpope uja anauika pafupi ndi geti ya alendo ndipo iwo akuti sangamasuke kutunga ndi kuchapa magalimoto akudutsa, akuufuna cha kumathandala. Wojambula akusuntha paipi. Mgwirizano wa doko sunasainidwe, pali kusamvana pa za mabwato a injini amene amanyamuka usiku ndi phokoso, eni malo akufuna maola oikika pomwe asodzi akuti usipa suyendera wotchi, zimadalira mwezi ndi mphepo, nde akumananso mwezi wamawa kwa a mfumu.